Khasu Lachitatu la a Namakhwa

Pa Thuchila mukafunsa kwa a Kingstone Namakhwa, anthu ayamba kukanda m'mutu. Nenani kuti mukufuna a Dalaivala, ndipo mayi aliyense wogulitsa tomato akulozerani kanjira kodutsa kuseri kwa chigayo. Ndi mkulu wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo akamayankhula dzanja lawo limayenda lokha ngati likusintha giya.

Anabadwira ku Limbuli. Bambo awo anawoloka mtsinje wa Muloza kalekale, nkhwangwa paphewa, Chilomwe pakamwa. Sukulu a Namakhwa anaisiyira Sitandade 4, osati umbuli ayi, njala. Analowa pa esiteti ya tiyi ali mnyamata, kuyamba ndi kupalira, kenako kukweza matumba a masamba m'ngolo, mpaka tsiku lina dalaivala sanabwere ndipo kapitawo anayang'ana uku ndi uku n'kuloza iwo. Pampando uja anakhalapo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Misewu ya m'tiyi mukuidziwa, chiperoni chikagwa imaterera ngati therere, koma ngolo sanagwetsepo ngakhale kamodzi. Khutu lawo linali lina. Injini ikatsokomola patali ankanena kuti dizilo walowa madzi, amakaniko n'kukapeza zomwezo. Wonena kuti a Namakhwa sankadziwa ntchito yawo ndi wabodza, akanenere kwina.

Atapuma ntchito mu 2016 anakakhala kwawo kwa akazi awo, a Stella, monga mwa mwambo wa kuno. Tsono ukamwini sukalamba. Umere imvi, umange nyumba ya malata, nkhani ya pamudzi ikabuka alamu ako akuuzabe kuti tadikirani tiyambe takambirana eni ake. Chimene chinawapatsa a Namakhwa mpando pakati pa eni mudzi ndi dzina lija basi. Chigayo chikafa, kaitaneni a Dalaivala. Njinga yamoto ikakana kulira, a Dalaivala. Ngakhale mlamu wawo a Pilato, mlongo wake wa a Stella, munthu wa pakamwa pakuthwa ngati lezala, pa nkhani ya zitsulo ankatseka pakamwa.

Koma panali chinthu chimodzi chimene anthu a pa Thuchila sanachiganizepo. Tiyi salimidwa ndi pulawo. Tiyi mumabzala kamodzi, n'kumathyola mpaka zidzukulu. Pomwe ankazula wakale kuti abzale wina, kunkabwera makina ena ndi anthu ena. Zaka zonse zija a Namakhwa ankakoka ngolo, kuchokera kumunda kupita kufakitale, kufakitale kubwerera kumunda. Mzere umodzi wa pulawo sanadulepo chibadwire. Palibe anawafunsa, iwonso sananene.

Chaka chatha kalabu ya alimi a nandolo ya m'mudzimo inalandira thirakitala kuchokera ku bungwe lina. Inali yaing'ono, yofiira, yatsopano. Pulawo anati kalabu ikasankhe yokha ku Limbe, poti eni dothi ndi amene amalidziwa. Woyendetsa anali atasankhidwa kale: Honest, mwamuna wa Sharon, mwana wamkazi wa a Namakhwa. Honest kwawo ndi ku Chonde, bambo wa ana awiri, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Analima ndi thirakitala zaka zisanu pa famu ina ku Vila, tsidya la Muloza. Wapampando wa kalabu, Mayi Millie, anati: "Honest apite, koma a Dalaivala atsogole. Tisatume mwana pomwe mkulu wa ntchito alipo."

A Namakhwa anavala jekete.

Ku Limbe anapeza mapulawo ali ndandanda pabwalo. Ankafuna ya makasu, ija ya zitsulo zopindika zimene zimadula dothi n'kuligudubuza kuti udzu ukwiririke pansi. Zinalipo ziwiri, ina ya makasu awiri, ina ya atatu. Wogulitsa, mkulu wina wa ovololo yabuluu, anafunsa kuti thirakitala yawo ndi ya akavalo angati, poti mphamvu ya injini amaiwerenga ndi akavalo.

"Fote-faifi," anatero a Namakhwa.

"Dothi lanu ndi lotani?"

"Dothi ndi dothi, achimwene."

"Makande," anatero Honest chapansipansi. "Akuda aja, omata."

Wogulitsa anatembenuka n'kuyamba kuyankhula ndi Honest. Apa ndi pamene zinalakwika. Munthu wavala jekete, watumidwa ndi kalabu yonse, wina akumudumpha n'kumakamba ndi mkamwini wake.

"Ndiye tengani ya awiri," anatero wogulitsa. "Ya atatuyi makasu ake ndi otambalala, mainchesi 16 lililonse. M'makande imafuna thirakitala ya akavalo sevente kapena kuposa. Yanuyo iphedwa."

A Namakhwa anayang'ana pulawo ya makasu awiri. Inawachepera m'maso. Anaona kale a Pilato akuizungulira pamsika, akufunsa ngati ku Limbe kunali maliro kuti abwere ndi kanthu kotere.

"Tamverani," anatero. "Kwathu ng'ombe ziwiri zimakoka khasu limodzi. Ziwiri zokha. Inu mukuti akavalo fote-faifi alephere makasu atatu? Akavalo ake odwala?"

Wogulitsa anaseka, koma a Namakhwa sankaseka.

Mkamwini satsutsa apongozi ake pamaso pa anthu. Sawayang'ana n'komwe m'maso. Honest anagwada pambali pa pulawo yaikulu ija, n'kuyamba kuyankhula ndi chitsulo.

"Apongozi, kuja ku Vila tinkati m'makande khasu limodzi limadya akavalo twente. Kumchenga kokha ndiye amachepako. Ng'ombe zimangokanda pamwamba, ndiponso zimayenda pang'onopang'ono."

A Namakhwa anapukusa mutu. "Ku Vila amawerenga Chipwitikizi, apongozi. Akavalo awo ndi owonda. Ine ndakoka matani asanu a tiyi pachitunda mvula ikugwa."

Honest anapukuta manja pa buluku. "Mwanena ndinu akulu," anatero.

Anakweza ya atatu. Pa Thuchila anthu anailandira ndi nthungululu, a Pilato n'kuisisita, amvekere: "Alamu, apa ndiye mwagwira ntchito. Minda yonse itha sabata imodzi."

Chizimalupsa chinagwa kumapeto kwa Okutobala, dothi n'kufewa pamwamba. Anayambira m'munda mwa Mayi Millie, kumunsi kufupi ndi dambo. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera. Honest anatsitsa pulawo, makasu atatu analuma dothi, thirakitala inayenda mapazi khumi n'kuyamba kubuula. Utsi wakuda unatuluka ngati wina akuwotcha matayala. Matayala akumbuyo anayamba kuzungulira pamalo amodzi, akudzikumbira okha dzenje, mphuno ya thirakitala ikunyamuka.

Anthu ena onse ankaona utsi. A Namakhwa ankamva. Kulira kumeneko ankakudziwa bwino: ndi kulira kwa thirakitala imene aisenzetsa ngolo yoposa msinkhu wake pachitunda. Kuesiteti akamva chonchi ankaima, n'kulamula kuti matumba ena atsike, kapitawo alalate alalate. Pamzere woyamba womwewo anadziwa kuti wogulitsa uja ananena zoona, ndipo Honest ananena zoona.

Mukuganiza kuti anakweza dzanja kuti aimitse? Anayang'ana anthu, anthu akuyang'ana iwo, n'kukuwa: "Pondani, apongozi. Ipatseni moto."

Honest anakweza pulawo pang'ono kuti injini ipume. Makasu anayamba kungokanda pamwamba, udzu uli chiimire. Mayi Millie anati kulima kotere nkhuku zimatha. Anatsitsanso, injini n'kufuna kuzima, iye n'kumaponda kilatchi theka kuti isazime. Tsiku lonse zinali choncho, kutsitsa, kukweza, kuponda. Madzulo Honest anapita kuseri kwa nyumba kumene apongozi ake ankasamba m'manja, anaima patali, n'kunena kuti khasu lakumbuyo likhoza kumasulidwa, ndi mabawuti anayi okha.

"Anthu aona makasu atatu," anayankha a Namakhwa. "Mawa aone awiri? Injini ndi yatsopano, ikufuna izolowere."

Tsiku lachitatu, dzuwa lili pamutu, kunamveka fungo ngati la tsitsi lopsa. Injini inkalira bwinobwino koma thirakitala siinkasuntha. Kilatchi inali itapsa, munda wa Mayi Millie usanafike ndi theka lomwe.

Msonkhano unachitika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Anthu anali ndi mkwiyo, ndipo n'zomveka: ambiri sanagwire khasu chaka chimenecho podikira thirakitala, mitambo ikusonkhana kale pamwamba pa phiri. Koma anthu akakwiya safuna chifukwa, amafuna munthu. A Pilato anaimirira.

"Tinapatsa chuma cha mudzi kwa mlendo. Akuti analima ku Vila. Anamuona ndani? Mwina kumeneko ankatsuka matayala. Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mawa athawa, ife titsala ndi chitsulo chakufa."

Honest anakhala pa njerwa, maso pansi. Mayi Millie anamufunsa ngati ali ndi mawu. Iye anayang'ana kumbali kumene kunakhala apongozi ake, osati pankhope, pamapazi, n'kudikira. Kenako anati alibe.

"A Dalaivala," anatero Mayi Millie, "inu ndiye mukudziwa. Chapha thirakitala n'chiyani?"

Panali mawu ochepa oti anene: pulawo yakula, ndinasankha ndine. Anali pakamwa penipeni. A Namakhwa anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, n'kunena kuti:

"Ana a masiku ano phazi lawo limalemera pa kilatchi."

Basi. Mawu asanu ndi anayi. Bodza lenileni silinalimo, poti Honest anapondadi kilatchi, ndipo n'chifukwa chake mawuwo anali oipa kuposa bodza. Honest anaimirira, anaika kiyi pa mpando wa Mayi Millie, anawomba m'manja kawiri mwaulemu, n'kumapita. Patapita masiku awiri ananyamula kachikwama n'kukwera basi ya ku Limbuli. Kwa Sharon anangoti akukafuna ntchito, pamudzi pano sangayende masana.

Masiku otsatirawo a Namakhwa anasanduka munthu wina. Pamsika anasiya kupita. Ankatenga khasu lamanja m'mawa n'kukagwira m'munda mwa Sharon, munda woti akanalima mwamuna wake, n'kumagalauza makande ngati akulimbana ndi mdani. Sharon ankawabweretsera madzi akumwa, kugwada, kupereka, kunyamuka, osanena kanthu. Mwana amene kale ankawaseka za chipewa chawo chong'ambika. Kamdzukulu kakafunsa kuti adadi abwera liti, iwo ankapeza chochita kuseri kwa khola.

A Stella anapirira sabata imodzi. Tsiku lina masana akupeta nandolo pakhonde, anayankhula osakweza mutu.

"Abambo ake a Sharon, ndikufunseni. Inu munalimapo liti?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ine ndathyola tiyi zaka khumi ndi zisanu pa esiteti yomweyo. Ndinkakuonani m'mawa, ndinkakuonani madzulo. Kumbuyo kwanu kunkakhala ngolo. Pulawo munaikokera kuti, kutulo?"

"Thirakitala ndi thirakitala."

"Nanga mukuwondera chiyani?" A Stella anauzira mankhusu. "Achimwene anga aja akunyoza mwana wa eni kuti ndi mlendo. Inu simukudziwa kuwawa kwake? Mwaiwala chaka chija anakunamizirani kuti mwasuntha malire a munda, inu n'kulira m'bafa ngati mwana? Honest uja wakubisirani manyazi pamaso pa mudzi wonse, inu mwamuponda."

A Namakhwa ananyamuka kupita kukhola. Mbuzi zinali zitadya kale.

Makaniko wa ku Chonde anabwera n'kuika kilatchi ina. Lachisanu m'mawa Mayi Millie anafika pakhomo ndi kiyi m'manja, a Pilato ali pambuyo.

"Mvula siidikira," anatero mayiwo. "Takambirana. Ana atilephera, akwere mwini ntchito."

"Maso anga masiku ano..."

"Maso a chiyani, alamu," anatero a Pilato. "Dzulo lomweli munaona kobiri m'fumbi patsogolo pa ine. Tiyeni mukawaonetse ana mmene amalimira."

Anayenda nawo kumunda ngati mbuzi yopita kumsika. Anthu anali atadzaza kale m'malire. Thirakitala inali pomwe inafera, makasu atatu ali m'dothi. A Namakhwa anakwera. Mpando unawalandira bwino, chiwongolero chinakwana m'manja ngati kale. Kudzanja lamanja kunali kachitsulo kokwezera ndi kutsitsira pulawo, kokhala ndi manambala m'mbali. Pa thirakitala ya kuesiteti kanaliponso. Ankakolekapo jumbo ya chinangwa.

Analiza injini. Inalira mosalala, mawu oyera, ngati mwana amene wachira malungo. Anakhala akumvetsera. Akanatha kuyesa. Akanatha kuvutika nayo tsiku limodzi kapena awiri, n'kudzanena kuti Honest anaiwononga mkati. Anthu akanakhulupirira. Koma munthu amene wamvera injini zaka zonse zija anadziwa mmene ikalirire pakangotha mphindi imodzi, ndipo phazi lawo linakana kuchoka pa kilatchi.

Anazimitsa.

"Yafanso?" anafunsa wina.

"Siinafe." A Namakhwa anatsokomola n'kubwereza mokweza. "Siinafe. Mayi wapampando, ine sindinalimepo. Chibadwire. Kuesiteti ndinkakoka ngolo. Kachitsulo aka sindikudziwa kuti ndikaike pa nambala yanji."

Kumunsi kwa dambo kunkamveka achule.

"Pulawo iyi yakulira thirakitala. Wogulitsa ananena kuti titenge ya makasu awiri. Apongozi anga ananena, ku Limbe ananena, kunyumba ananenanso. Ndinakana ndine. Kilatchi ija ndinawotcha ndine, ndili pansi, manja m'thumba. Aja anangokhala chete kuti ine ndisachite manyazi."

Woyamba kuseka anali a Pilato, ndipo anaseka mpaka kugwira mawondo. "Zaka twente-sikisi, alamu, kumbuyo kuli ngolo. Ndiye ife tinkatuma woyendetsa ngolo kukagula pulawo. Bola tikanatuma bulu, amadziwa katundu womukwana."

Ena anaseka nawo, ena anatukwana. Mayi wina wamasiye, amene munda wake unali usanakhudzidwe, anangotola mpango wake n'kumapita. Ameneyo ndiye anawapweteka a Namakhwa kuposa onse.

Mayi Millie sanaseke. "A Pilato, inu musaseke kwambiri. Za mlamba ananena ndani?" Kenako anatembenukira kwa a Namakhwa pa thirakitala paja. "Tsikani, bambo. Mwanena, tamva. Koma amene munamulakwira pano palibe. Kiyi uyu mukampatse nokha."

Loweruka anakwera basi ya ku Limbuli. Kwawo komwe anabadwira, koma anatsika ngati mlendo. Msika unali utadzaza njinga zochokera tsidya, iliyonse itasenza matumba atatu a chimanga, eni ake akukankha thukuta lili kamukamu. Anazungulira kawiri asanamuone Honest akutsitsa matumba pa sikelo ya wogula wina, malaya atayera ndi fumbi.

Honest atawaona anavula kapusi. Anawatengera pa benchi ya kutsogolo kwa tiyirumu, iye n'kukhala kumapeto kwenikweni. Onse awiri anayang'ana kumsewu.

"Kunyumba kuli bwanji, apongozi?"

"Kuli bwino. Ana akukufunsani."

Panadutsa njinga ziwiri.

"Ndanena," anatero a Namakhwa. "Dzulo, kumunda, anthu onse alipo. Ndanena kuti sindinalimepo, ndanena za ku Limbe. Zonse."

Honest anatembenuza kapusi m'manja. "Ndinkadziwa kuti simunalimepo."

"Munadziwa liti?"

"Ku Limbe konko. Munati dothi ndi dothi."

A Namakhwa anatulutsa kiyi m'thumba la jekete n'kumuika pa benchi, pakati pa awiriwo. Mkulu sapepesa kwa mkamwini, chilankhulo chake chilibe n'komwe njira yabwino yonenera. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Ndinakulakwirani, apongozi. Ndinakudyerani dzina kuti langa litsale. Ndabwera kudzakupemphani."

"Musatero, bambo, anthu akuona."

"Aone."

Honest anayankhula, ndipo aka kanali koyamba a Namakhwa kumumva akunena mawu ambiri chonchi.

"Lolemba ndimayenera kuwoloka. Patarau wanga wakale ku Vila, bwana wa pa famu paja, akufuna woyendetsa. Kumeneko ndikanena kuti pulawo yakula, amamasula khasu, nkhani yatha. Pamsonkhano paja sindinkadikira kuti munene kuti munalakwa, ayi. Ndinkangodikira kuti munene kuti mwanayu ntchito amaidziwa. Zokhazo. A Pilato anene zonena zawo, amenewo ndi a Pilato. Koma inu mumadziwa kukhala pamudzi pa eni."

A Namakhwa anatembenuza chipewa pabondo.

"Minda yatsala ingati?" anafunsa Honest.

"Yonse."

"Mvula ikagwa yeniyeni, m'makande simulowa thirakitala." Anatola kiyi uja n'kumuyang'ana. "Ndibwera. Anthu aja sanalakwe onse. Koma ndizigona ku Chonde, kwa amayi. Zinazo tidzakamba minda ikatha."

Lolemba m'mawa anafika pa njinga, sipanala ili pakaliyala. Anamasula mabawuti anayi, khasu lachitatu linagwera m'udzu, amuna awiri n'kulikokera kumalire. Anasuntha pang'ono zomangira kuti pulawo ikhale pakati, anatsitsa, n'kuyamba. Thirakitala inayenda ngati munthu wopita kutchalitchi, osathamanga, osabuula, dothi lakuda likugudubuzika mbali imodzi, udzu ukulowa pansi. Mizere iwiri yokha paulendo, koma yakuya bwino. Analima kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, masiku khumi ndi anayi. Mvula inamupeza atatsala ndi minda isanu ndi umodzi, ya kumunsi kwenikweni, ndipo eni ake anabzala mochedwa ndi makasu amanja. Umodzi unali wa mayi wamasiye uja. A Namakhwa anakalima nawo masiku anayi, mayiwo osawayankhula.

Pamsika dzina linasintha. A Pilato anayambitsa lakuti a Ngolo, ndipo linagwira kwa miyezi ingapo. A Namakhwa ankayankha akaitanidwa choncho. Koma chigayo chitafa mu Januwale, anthu omwewo anatuma munthu kuti akaitane a Dalaivala, poti khutu lija palibe wina ali nalo. Anthu a pa Thuchila ndi otero, amakulavulira m'mawa, madzulo akubwereka machesi.

Zinazo zimene ananena Honest zinabwera Khirisimasi itayandikira. Ankhoswe ake anafika kuchokera ku Chonde kudzapempha chitengwa, kuti Sharon ndi ana akakhale kwawo kwa mwamuna. Nkhani yotere amaweruza ndi eni mbumba, ndiye kuti a Pilato. Chaka china chilichonse akanakana mpaka kuuma pakhosi. Tsiku limenelo anakanda m'mutu, anayang'ana mlongo wawo, n'kunena kuti ngati Sharon wafuna, iwo alibe mawu. Sharon anati wafuna. A Namakhwa anakhala pampando wawo pakhonde. Palibe anawafunsa maganizo, poti bambo pa nkhani ya mbumba ndi mlendo, ndipo ngakhale akanawafunsa, akananena chiyani?

Honest akuyendetsabe thirakitala ya kalabu. Amabwera m'mawa, amabwerera madzulo. Akakumana panjira amavula kapusi, amafunsa za kunyumba, ndipo nkhani ija sanaitchulenso. Ku Chonde si kutali, a Namakhwa amapitako Lamulungu lina pa njinga, zidzukulu zimawathamangira. Koma kale ana aja ankadzuka n'kudzakhala pamwendo pawo asanasambe n'komwe kumaso.

Nyumba ya Sharon ili pomwepo, mapazi makumi awiri kuchokera pakhonde lawo, chitseko chotseka ndi waya. Nandolo atacha, a Stella anati matumba akaikidwe mmenemo, malo akungokhala. A Namakhwa anakana. A Stella anati chabwino, nanga nkhuku? Anakananso. Loweruka lililonse amamasula waya uja, amasesa, n'kutenga mpeni kupala chiswe chimene chayamba kukwera pa mphuthu ya chitseko.